Mphuno ya a Skovbo

Aliyense amene adaphunzira pasukulu ya m'tauni yathu chaka cha 1990 chisanafike akudziwa kuti malemu a Ejnar Skovbo mbiri yakale sankaiwerenga, ankainunkhiza. Mukawapatsa chinthu chakale ankavula magalasi, kutsinzina, n'kuchibweretsa kumphuno. Ndipo mphunoyo idali mphuno ndithu, yaitali, yofiira ndi mphepo ya kunyanja. Ana ankati imayamba ndi iyo kulowa m'kalasi, eni ake n'kumabwera pambuyo.

Tsiku lina ahedi adabwera ndi mabuku atsopano a mbiri, akunyadira. A Skovbo adatenga limodzi, kulitsegula pakati, n'kulowetsamo mphuno.

"Inki ndi guluu," adatero. "Mulibe munthu m'menemu."

Bukulo lidagwira ntchito zaka khumi ndi ziwiri, ntchito yotsekereza zenera kuti mphepo isalimenyetse.

Koma mukawapatsa nsapato yamtengo ya m'khola la ng'ombe, pamenepo mwawaputa. Ankakuuzani kuti mwini wake ankatsimphina mwendo wamanzere, ankasuta kaliwo, ndiponso sankagwirizana ndi apongozi ake. Theka la zimenezi lidali bodza, tonse tinkadziwa, koma theka linalo mukakafunsa kunyumba akuluakulu ankangoti kukamwa yasa. Chinthu chikawafika pamtima ankayetsemula. Kuyetsemula kamodzi, ndiye kuti mwayesetsa. Kawiri, ndiye kuti mwapeza 11. Katatu palibe adamvapo, chifukwa katatu ndiye 13, malikesi apamwamba kwambiri masiku amenewo, ndipo pa zaka makumi awiri ndi mphambu zisanu ndi ziwiri a Skovbo adali asanampatsepo munthu.

Munthu amene ankafuna 13 ameneyu kuposa chakudya adali Solvej Kragelund. Mtsikana wanzeru, wamakope oyera, wa mtundu uja wokweza dzanja aphunzitsi asanamalize funso. Mafumu onse a dziko lino ankawatchula mondondoza, kuyambira kumutu kapena kumchira, inu musankhe. Pambali pake pankakhala Gunvor Thybo, mwana wa msodzi, amene ankatafuna nsonga ya tsitsi lake n'kumayang'ana mbalame pazenera.

Nsanje ya Solvej idayamba tsiku la mliri. A Skovbo adalowa atavala thumba la mbatata, n'kulengeza kuti chaka ndi 1350 ndipo mliri wafika padoko. Adawerenga ana, mmodzi, awiri, atatu, wachitatu aliyense agone pansi pa desiki. Solvej adali wachitatu.

"Aphunzitsi, mabuku amati mliriwo unayambira..."

"Wamwalira iwe, Kragelund. Akufa sakweza dzanja."

"Koma ndawerenga mutu wonse!"

"Nawonso ansembe a nthawi imeneyo anali atawerenga. Gona."

Kenaka adalamula kuti otsala amoyo agawane chuma cha akufa, monga zidachitikira. Solvej adagona pansi pa desiki ola lathunthu akumva Gunvor akutafuna buledi wake wakuda wopaka chiwindi, uja amayi ake adamuikira ndi magawo a nkhaka pamwamba. Pomaliza a Skovbo adafunsa kuti mliri udasintha chiyani, ndipo Gunvor, kukamwa kuli tho, adati, "Osauka anayamba kukhuta." A Skovbo adayetsemula. Solvej adamva kuyetsemulako ali pansi, fumbi lili m'makutu, ndipo sadakhululuke.

M'chaka chomaliza munkakhala ntchito yaikulu, imene tauni yonse inkaidziwa. Mwana aliyense abweretse chinthu chimodzi cha kunyumba kwawo, alembe mbiri yake, aimirire kutsogolo afotokoze. Chopambana chinkalowa m'kabati yagalasi kumbuyo kwa kalasi n'kukhala momwemo mpaka kalekale. Lamulo lidali limodzi: chinthucho chinunkhe kwanu.

Apa m'pamene padali vuto la Solvej. Kwawo kudalidi chinthu, ndipo iye ankachidziwa bwino. M'kanyumba ka zipangizo kuseri kwa nyumba mudali jekete ya agogo ake aamuna, youma gwa ndi simenti, moti ukaiimika pansi inkaima yokha ngati munthu wopanda mutu. Agogowo anthu ankawatchula kuti Mads wa Simenti, ndipo sikudali kuwatama. Nthawi ya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, Ajeremani atalanda dziko lino, ndiwo ankatuta simenti pangolo ya akavalo kupititsa kugombe, kumene Ajeremani ankamanga zimphanga zawo zakonkire zija zili mbwee mumchenga mpaka lero. Nkhondo itatha anthu adaswa mazenera a nyumba yawo, ndipo kutchalitchi benchi yawo inkakhala ya iwo okha. Bambo a Solvej nkhaniyi sankaitchula. Solvej akanalola kufa ndi mliri kachiwiri kusiyana n'kunyamula jekete imeneyo pamaso pa anzake.

Choncho adakwera basi kupita kutauni ina, kusitolo ya zinthu zakale, n'kukagula kansalu ka pamkono kamene ankavala omenyera ufulu olimbana ndi Ajeremani. Adalemba masamba makumi anayi ndi awiri pamakina a bambo ake, ndi mapu, ndi zithunzi, ndi mndandanda wa mabuku kumapeto. Adapekamo amalume ena olimba mtima. Ntchitoyo idali yokongola, zimenezo tisanamizane.

Tsiku litafika adalankhula mphindi makumi awiri osayang'ana papepala. A Skovbo adavula magalasi, kutenga kansalu kaja, kutsinzina.

"Mankhwala a njenjete," adatero. "Fodya wa mwini sitolo. Ndi kaguluu pamene panali mtengo wake." Adatsegula maso. "Kragelund, kodi kwanu ndi kusitolo?"

"Ndi ka amalume anga."

"Amalume akowo ndi anthu abwino. Ndawakonda kwambiri. Ndikanakonda akanabadwa." Adamubwezera kansaluko mwaulemu, ndi manja awiri. "Walemba bwino kuposa ana onse amene ndinaphunzitsapo. Pasatifiketi ndikupatsa 11 wako wanthawi zonse. Koma ntchito yanga sunabweretse. Ndidikira."

"Mpaka liti?"

"Mpaka ndidzafe. Usachedwe, ndimadya mafuta ambiri."

Solvej adakhala pansi. Ndipo ngati kuti zimenezo sizidakwane, wotsatira adali Gunvor.

Gunvor adali ataiwala. Adakumbukira m'mawa womwewo akuvala nsapato, ndiye adangotsikira kuchipinda chapansi n'kutola chimene dzanja lidagwira: chibotolo cha zipatso za mapulamu, chakuda bii, chivundikiro chitachita dzimbiri. Zolemba zake zidali tsamba limodzi ndi theka, pakona pali dontho la batala.

"Awa ndi mapulamu," adatero. "Agogo anaphika mu 1942 kuti agogo aamuna akabwera kunyanja adzadye. Boti lawo linagunda bomba la m'madzi. Ndiye sanabwere. Ndiye agogo sanatsegule." Adaganiza pang'ono. "Chaka chilichonse amalipukuta. Basi."

A Skovbo adanunkhiza m'mphepete mwa chivundikiro nthawi yaitali. Adayetsemula. Adayetsemulanso. Solvej adagwira desiki n'kupemphera, ndipo mwina ndi munthu yekhayo m'mbiri ya dziko lino amene adapempha Mulungu kuti atseke mphuno ya mphunzitsi. Pemphero silidayankhidwe. Kachitatu kadagwedeza mazenera.

Pofika madzulo nkhani idali itafika padoko. Gunvor Thybo, amene ankaganiza kuti Napoliyoni wa m'mabuku a mbiri uja ndi dzina la keke basi, wapeza 13.

Tsono anzanga, kaduka ka mwana wasukulu kamatha ndi tchuthi, koma aka kadakula limodzi ndi mwini wake. Solvej adapita kuyunivesite ku Aarhus, adaphunzira mbiri yakale zaka zisanu ndi chimodzi, adabwerako n'kukhala mkulu wa laibulale ndi nkhokwe ya zolemba zakale za tauni yathu. Adalemba buku la mbiri ya doko, lachikuto cholimba. Ndani ankamutchula? Palibe. Gunvor adatsegula kanyumba kogulitsira masoseji ndi khofi padoko, n'kulemba pamwamba pake nambala yaikulu yofiira: 13. Tauni yonse inkati Gunvor 13. Alendo akafunsa amene amadziwa mbiri ya malo ano, asodzi ankawalozera ku masoseji.

Chowawa kwambiri n'chakuti Gunvor sankanyada n'komwe. Akanakhala wonyada bwenzi zili bwino, munthu ukanadana naye mtima uli m'malo. Koma iye akaona Solvej ankakuwa, "Anzanga a pa desiki! Bwera udye soseji, wawonda ndi mabuku!" ndipo ankamuikira anyezi wokazinga wambiri kuposa wa makasitomala ena. Solvej ankadya, kuthokoza, n'kupita kunyumba akutukwana chamumtima.

Nawo a Skovbo sadaiwale. Akamuona m'golosale, ngakhale ali kutsidya kwa mashelefu atatu, ankakweza mawu:

"Kragelund! Ntchito yanga ija?"

"Ikubwera, aphunzitsi."

"Inenso ndikupita. Tione adzafike msanga ndani."

Adamufunsa pabasi. Adamufunsa kwa dokotala wa mano, iye ali yasa pampando. Pa ukwati wake adaimirira kuti alankhule, aliyense akuyembekeza mawu anzeru, ndipo adauza mkwati kuti wakwatira mkazi wabwino kwambiri koma wochedwetsa ntchito. Buku lija la doko litatuluka, Solvej adawapititsira yekha kunyumba kwawo. Adalinunkhiza.

"Inki yabwino," adatero. "Koma pali chaka chimodzi, ziwiri, zitatu zimene mphuno yanga sikuzipeza. Kodi kugombe kuja konkire inagwa kumwamba ngati matalala?"

Solvej adaphunzira kuzungulira njira. Ankadziwa kuti a Skovbo amagula tchizi Lachiwiri ndi Lachisanu, ndiye iye ankagula Lachitatu. Iwo atazindikira adasamukira Lachitatu.

Zaka zidapita choncho pafupifupi makumi atatu. M'chaka cha 2011 bambo a Solvej adamwalira, nyumba idayenera kugulitsidwa, ndipo pochotsa katundu m'kanyumba kaja adakumana nayo jekete ili chiimire pakona, monga adaisiyira. Adaganiza zokaitaya. Adali ataikweza kale m'galimoto pamene Gunvor adatulukira panjinga, apuloni ali m'chiuno.

"Wamva za a Skovbo? Asiya kudya. Dzulo ndinawapititsira soseji kunyumba ya okalamba kuja, angoiyang'ana. A nesi akuti mwina sabata ziwiri." Kenaka adasuzumira m'galimoto. "Nanga bambo awa opanda mutu akupita kuti?"

"Kudzala."

"Imeneyi si ya Mads wa Simenti?"

Solvej adamutembenukira. "Ukuidziwa bwanji?"

"Iii, Solvej. Tauni yonse ikuidziwa. Tinkabwera kudzaisuzumira pazenera tili ana, iwe uli m'nyumba kuloweza mafumu."

Zaka makumi atatu akubisa chinthu chimene ngakhale Gunvor ankachidziwa! Solvej adakhala pa chiwongolero osaliza galimoto. Kudzala kudali kumanja, kunyumba ya okalamba kumanzere, ndipo munthu yekhayo padziko amene akanamupatsa 13 adali atasiya kudya. Adakhotera kumanzere. Gunvor adatsatira panjinga osaitanidwa, monga mwa khalidwe lake.

Jeketeyo sinkapindika, ndiye adainyamula awiri, wina kumapewa wina kumunsi, ngati akunyamula wodwala. Nesi wina adawatsegulira chitseko mwachangu n'kufunsa ngati aitane dokotala.

A Skovbo adali atatha. Pabedi padatsala mphuno yokha, thupi lonse lidangokhala ngati chogwiriziza. Adatsegula diso limodzi.

"Kragelund. Ntchito yanga ija?"

"Ndi iyi, aphunzitsi."

Adaiimika pambali pa bedi, ndipo idaima. Solvej adaisendeza pafupi kuti anunkhize, koma iwo adapukusa mutu.

"Wachedwa, mwana iwe. Mphuno inandisiya chaka chatha. Panopa khofi ndi sopo n'chimodzimodzi. Inatsogola, monga mwa masiku onse." Adapuma. "Nunkhiza iweyo. Undiuze."

Mkulu wa laibulale, mayi wa ana awiri, wolemba buku lachikuto cholimba, adawerama n'kuika mphuno pa kolala ya agogo ake. Poyamba adangomva fumbi. Kenaka zidayamba kubwera.

"Simenti," adatero. "Thukuta la kavalo. Maswiti a chifuwa aja ankasunga m'thumba." Adanunkhizanso. "Ankandipatsa imodzi ndikabwera kusukulu. Ankandidikira pageti, chifukwa kupitirira geti sankapita. Anali ndi ana asanu, maboti sankapita kunyanja chifukwa cha mabomba, ndiye anatuta simenti ya Ajeremani. Zaka zitatu. Sanawakakamize ndi mfuti ayi, anapita okha. Khonde la nyumba yathu ndi simenti yomweyo. Atamwalira kumaliro kunabwera anthu asanu ndi anayi. Ine ndinkawakonda, ndipo ndinkachita nawo manyazi, moti tsiku lina anandiitana ali pageti ndikudutsa pamsewu ndi anzanga, ine n'kuyang'ana kumbali." Adapukuta mphuno ndi dzanja. "Basi."

A Skovbo adatembenukira kwa jekete.

"Asanu ndi anayi," adatero a Skovbo. "Ine ndinaima kuseri kwa mpanda wa manda, sindinalowe. Wilibala yachitatu kumbuyo kwa ngolo ya agogo ako inali yanga, Kragelund. Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Theka la tauni ino linakankha simenti, koma dzina anasenza ndi munthu mmodzi. Zaka zonse zija ana ankangondibweretsera ngwazi. Tauni ya anthu chikwi chimodzi, omenyera ufulu zikwi ziwiri! Ndinkadikira wina abweretse simenti, popeza ineyo ndinalibe mtima wake."

Adatambasula dzanja n'kusisita mkono wa jekete. Kafumbi koyera kadanyamuka, kuyandama padzuwa la pazenera, n'kulowa m'mphuno yakufa ija. A Skovbo adayetsemula. Adayetsemulanso. Solvej adagwira chitsulo cha bedi, misozi ili m'masaya, ndipo musaganize kuti chisoni chidamuiwalitsa kuwerenga. Kachitatu kadali kofooka ngati ka mwana wa mphaka, koma kadamveka.

"Katatu," adatero Solvej. "Gunvor, wamva? Katatu."

"Ndamva, mwali."

"Katatu ndithu," a Skovbo adavomera. "Ndikupatsa 12."

"Pepani, mwati bwanji?"

"12. Palibenso oposa pamenepo. Kodi sumawerenga nyuzi kulaibulale kwanuko? 13 boma linachotsa zaka zinayi zapitazo. Ine ndine munthu womvera malamulo."

"Inu? Inu amene munatsekereza zenera ndi buku la boma?"

"Ndakalamba, ndatembenuka mtima. Ukanabwera mu 2006."

Gunvor adaseka mpaka kutsamira jekete, jekete n'kugwa, nesi n'kuthamangira. A Skovbo adatsinzina akumwetulira, ndipo Solvej amalumbira mpaka lero kuti nkhalambayo idadikira dala kuti lamulo lisinthe.

Adamwalira patatha masiku khumi ndi limodzi. Pa khofi wa pamaliro holo idadzaza ndi anthu aimvi amene adafapo ndi mliri pansi pa madesiki, aliyense ndi nkhani yake. Solvej adakhala pakona ndi keke yake, ndipo Gunvor adabwera kudzadzigwetsa pampando wa pambali pake, monga kusukulu.

"Ndiye wapambana," adatero Solvej. Adafuna kuti zimveke ngati nthabwala, koma sizidamveke choncho. "13 yekhayo m'tauni muno. Palibenso adzampeze."

Gunvor adazunguza supuni m'kapu.

"Ukudziwa kuti ine ndinkakuchitira nsanje?"

"Usandiseke, lero ndi maliro."

"Zoona. Ine anandipatsa 13 tsiku limodzi, basi n'kuthana nane. Akabwera pa kanyumba kanga ankangoti, soseji imodzi, mpiru wambiri. Sanandifunsenso kanthu moyo wanga wonse, ngati kuti zonse zimene ndinali nazo zinali m'chibotolo chija. Koma iwe! M'golosale, pabasi, pa ukwati. Ndinkamva ali kukuwa Kragelund, Kragelund, ine n'kumati, koma ndiye pali anthu ena amadikiridwa."

Solvej adakankhira keke yake kwa Gunvor, ndipo Gunvor adaidya.

Sukulu itakonzedwanso, kabati yagalasi ija idasamukira kulaibulale. Chibotolo cha mapulamu chili pashelefu yapamwamba. Jekete sidalowe, ndiye imaima yokha pambali, ndi kapepala kofotokoza za Mads Kragelund ndi zaka zitatu zija, mosabisa kanthu. Tizikwangwani ta malikesi adalemba ndi Solvej mwini, ndipo amene ali ndi maso amaona kuti 12 ndi wamkulu pang'ono kuposa 13. Mukamufunsa amati ndi makina.

Ana a masiku ano ntchito zawo za mbiri amapangira pakompyuta, zokongola, zosanunkha kanthu. Tauni yathu idakhala yaulemu kwambiri chichokereni a Skovbo. Munthu umatha kugula zinthu zako mwamtendere popanda wokukuwira za zimene udalephera uli ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo mtendere umenewu sukoma monga tinkaganizira. Solvej tsopano akhoza kugula tchizi tsiku lililonse limene wafuna. Amapitabe Lachitatu, ndipo amachedwa pashelefu paja kuposa mmene kugula tchizi kumafunira.